Ananditchula namapopa, koma magazi opulumutsa mwana wawo anali anga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, wa ana atatu, ndipo ndimakhala m'mudzi wina wa ku Nkhulambe kuno ku Phalombe. Kalata ino ndayiyamba kawiri n'kuing'amba nditafika pakati. Ulendo uno ndimaliza. Mayina onse ndasintha, ngakhale langa lomwe, ndipo mundipirire kutalika kwake.

Mu 1999 anthu a m'mudzi mwathu anandisankha kuti ndizithandiza pa zaumoyo. Anasankha ine chifukwa ndinafika Sitandade 8 ndipo ndimalemba zowerengeka. Ntchitoyi si yamalipiro. Tsiku la sikelo ndimapachika sikelo pamtengo wa mbawa uli pabwalo la tchalitchi, n'kumakweza ana ndi kulemba m'makadi, pomwe alangizi a zaumoyo, a Goliati, amabwera panjinga ndi katemera. Dzinja likafika ndimagawa kolorini wothira m'madzi akumwa ndi timapaketi ta thanzi kwa otsekula m'mimba. Amayi ankanditchula "adokotala" mongoseka, ine n'kumakondwa.

Njala ya chaka chathachi mukuidziwa. Kuno makaka atatha tinafika pokumba mizu ya nthochi. Bungwe lina linabweretsa likuni phala la ana onyentchera, ndipo linandipatsa njinga, kaundula ndi kalamba koyezera mkono wa mwana. Lamulo linali lakuti mwana wogwera pofiira kapena pachikasu alembedwe, wogwera pobiriwira asalembedwe. Mwana woyamba wa achemwali anga a Edina, omwe ndinabadwa nawo bere limodzi, anagwera pobiriwira, ndipo sindinamulembe. Achemwaliwo anandiyang'ana nati, "Iwe Belita, ukufuna ayambe watupa kuti ukhulupirire?" Ndinawatapirako ufa wa m'nyumba mwanga, ndikumayesa nkhani yathera pomwepo.

M'mwezi wa Novembala kunabwera anamwino awiri kudzayeza ana ngati ali ndi magazi okwanira. Ankangobaya kachala, kadontho kamodzi n'kuthira pakapepala, basi. Ine ndinkagwira ana ndi kulemba mayina. Mwana wamng'ono wa achemwali, Lily, wa zaka ziwiri, anapezeka ndi magazi ochepa, ndipo anamupatsa mankhwala oti azimwa tsiku ndi tsiku.

Kenaka kunabwera mphekesera za anamapopa. Zinafika ndi anthu a geni zapanjinga ochokera cha ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ankati chimanga chathandizo sichaulere, tikulipira ndi magazi athu, ndipo m'mudzi uliwonse muli munthu wolemba mayina a oti apopedwe. Nditamva ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Aphungu, sindinaganizepo n'komwe kuti m'mudzi mwathu wolemba mayina ndinali ine ndekha.

Lachitatu, Khirisimasi itatsala sabata imodzi, ndinapachika sikelo m'mawa ngati nthawi zonse. A Goliati anali asanafike chifukwa mtsinje unadzaza. Dzuwa linakwera osaoneka mayi ndi mmodzi yemwe. Ndinangomva chiphokoso chikubwera ndi njira ya kumjigo. Chichokereni napolo wa 1991 sindinaonepo anthu a kwathu akuthamanga choncho. Amuna anali ndi mipini ya makasu. Kumbuyo kwawo kunali amayi omwe ana awo ndinawanyamula ndi manja angawa mwezi ndi mwezi.

Wina anakuwa kuti, "Buku la mayina lili kuti?" Ndisanayankhe, anthu anapatuka, ndipo pakati pawo panatulukira achemwali anga. Dzanja lina ananyamula kaundula, dzanja lina chigubu cha kolorini. Zonsezi anakazitenga m'nyumba mwanga, chifukwa amadziwa kuti kiyi ndimabisa pansi pa mtondo. Anaimika kaundulayo m'mwamba nati, "Uyu ndi mng'ono wanga, koma ndaona ndi maso angawa. Kuseri kwa chitseko amasungako mabotolo ndi timapaipi. Mayina a ana athu ndi awa!"

Aphungu, m'nyumba mwanga simunalowepo paipi. Ndinkangoyang'ana chitenje chomwe anavala, chomwe tinagula chofanana pa ukwati wa mlongo wathu.

Kaundula anamuwotcha pomwepo. Njinga anaiphwanya ndi miyala, sikelo anakaiponya mumtsinje. Wina anandimenya ndi mpini paphewa, ndipo mpaka lero dzanjali silikwera bwino. Anandipulumutsa ndi mkulu wa mpingo wina wokalamba, yemwe anandikankhira m'tchalitchi n'kukhala pansi pakhomo, nati wofuna kundigwira ayambe waponda iye. Amuna anga a Laston anali kudimba. Atafika, anthu atabalalika, anandiyang'ana phewa lija n'kungoti, "Amake Chance, ndinakuuzani ine kuti ntchito zaulerezi zidzatiphetsa."

Kwa masabata atatu palibe anandipatsa moni. Ndikafika pamjigo amayi ankachotsa ndowa zawo n'kukaima patali mpaka nditachoka. Mankhwala omwe anamwino anasiyira ana, ambiri anakawataya m'zimbudzi. Achemwali anatayanso a Lily.

Sabata yachiwiri ya Januwale ndinali kubandira chimanga pomwe alamu anga, amuna a achemwaliwo, anafika m'munda wefuwefu. Anavula chipewa nati, "Alamu, mutikhululukire, Lily sakudzuka." Khasu ndinalisiya pomwepo. Ndinapeza mwana atagona pamphasa, thupi lili moto, akupuma mothamanga. Nditamutsegula m'manja ndi m'zikope munali mbee ngati pepala. Achemwali anakhala pambali atayang'ana kukhoma. Ndinati, "Achemwali, nyamukani," ndipo sindinadikire yankho. Mwana ndinamubereka ine, alamu n'kutikweza panjinga yawo, achemwali akutsatira wapansi. Kuchipatala chaching'ono anangomuona kamodzi n'kuitana ambulansi yotitengera kuchipatala chachikulu.

Kumeneko adokotala anati malungo amaliza magazi a mwanayo, ndipo akapanda kumuika magazi tsiku lomwelo safika mawa. Anati omwe anali nawo atha, choncho apereke achibale. Achemwali atangomva mawu akuti magazi anakuwa, "Ayi! Ndi zomwezija izi!" n'kufuna kumutsomphola mwana pabedi kuti athawe naye. Anawagwira ndi alamu, ndipo alamuwo ndi amene anadinda chala papepala lovomereza. Anawayeza iwo, n'kupezeka kuti magazi awo omwe ndi ochepa ndi njalayi. Achemwali ndi oyembekezera, sakanatheka. Anandiyeza ine, nati akugwirizana.

Ndinagona pabedi ndikuyang'ana thumba likudzaza. Mundikhulupirire, m'moyo wanga wonse kanali koyamba kuona magazi akuchotsedwa m'thupi la munthu, ndipo anali anga. Ndinaseka, kenaka ndinalira, namwino mpaka anafunsa ngati singano ikundipweteka. Achemwali anaima pakhomo ataphimba pakamwa ndi chitenje, osalowa, osachokanso.

Tsiku lachitatu Lily anadzuka n'kulanda bango lomwe mwana wa bedi loyandikana ankadya. Masana ake tili kophikira osamalira odwala, awiriwiri, ndinawafunsa achemwali kuti, "Munandichitiranji zija?" Anasonkheza moto, kenaka anati, "Anthu aja anabwera kwathu dzulo lake. Anati ayatsa nyumba zonse za mbumba yathu chifukwa ndife a bere limodzi. Ndinati ndikakutchula iwe, ife atisiya. Za mapaipizo ndinangowonjezera kuti andikhulupirire." Ndinati, "Nanga akanandipha?" Iwo anati, "Sindinaganize kuti afika pamenepo. Komanso mtima unali ukundiwawabe ndi za kalamba zija."

Atatero anagwada n'kundigwira mapazi. Ndinati apa ndiye akupepesa, misozi inali itayamba kale kulengeza. Koma zomwe ananena ndi izi: "Belita, chonde, usakanene kumudzi kuti Lily amuika magazi. Akamva ati nafenso ndife a gulu lomwelo." Aphungu, apa zinandipweteka kuposa tsiku la mipini lija.

Tabwerako kuchipatala masiku khumi apitawa. Achemwali akuuza anthu kuti mwana wachira ndi mapemphero ndi jekeseni ziwiri. Pagulu amandidutsa ngati sandidziwa, koma kuseri kwa nyumba amandisiyira mbale ya nkhwani. Tsiku lina ndikupukusa mjigo mayi wina anaona chipsera cha singano pamkono wanga, n'kuuza anzake mokweza kuti, "Mwaona? Akasowa a ena amakapereka ake omwe." Onse anaseka. Achemwali anali pomwepo, anangoweramira ndowa yawo.

Tsopano m'mudzi woyandikana nafe mwagwa kolera, anthu awiri aikidwa kale. Kwathu palibe akuthira kolorini m'madzi. A Goliati anabwera Lolemba nati, "Mayi Makina, popanda inu m'mudzi muno ndilowera pati? Bwererani pantchito." Amuna anga anadikira kuti alendo achoke, kenaka anati, "Mukakagwiranso sikelo, ine ndilongedza wa kwathu ku Chiwalo. Sindingadikire kuti ndidzakutoleni mtembo." Ndiye pali amayi awiri omwe anali nawo m'gulu lija, abwera kale mozemba kudzera m'chimanga, ana ali kumsana, kudzandipempha kuti ndiwaone m'zikope. Ndinawaona.

Ndithandizeni, Aphungu. Ndikaulula za magazi a Lily, mwina anthu aona kuti sindine wopha ana, koma ndiika achemwali oyembekezera pamoto womwe anandiikapo ine. Ndikakhala chete, ndifa ndi dzina la namapopa, ndipo ana anga kusukulu akuwatchula kale choncho. Ndibwerere pantchito banja lithe, kapena ndikhale pansi ndizingomva maliro? Musade nkhawa kuti kwathu aiwerenga. Nyuzi kuno imafika itakulungira usipa.

B.M.,
Nkhulambe, Phalombe.

Mayi B.M.,

Makalata ndawerenga ambiri patebulo lino, koma yanuyi ndinaiika pansi kawiri kuti ndipume. Mchemwali wanu weniweni, kukatenga kiyi pansi pa mtondo! Pepani kwambiri. Ndipo ndinene pano pomwe aliyense wowerenga amve: anamapopa kulibe. Kadontho ka pachala ndi koyezera basi, sikangadzaze ngakhale kasupuni. Chomwe chinamwa magazi a Lily ndi malungo, ndipo chinatsala pang'ono kumupha ndi kutaya mankhwala ake m'chimbudzi. Inu simunalakwe pomukana mwana wogwera pobiriwira, simunalakwe polemba mayina, ndipo simunalakwe ponyamula Lily osadikira kupepesedwa.

Za magazi a mwanayo musalengeze. Ndikudziwa kuti zikuwawa, chifukwa ndi mawu amodzi okha omwe mukuganiza kuti angakuyeretseni. Koma taganizani, mayi uja anaona chipsera pamkono wanu ndipo anachisandutsa umboni wokutsutsani. Anthu a mantha samva umboni, amangoupotoza. Mukaulula, simudziyeretsa, mungowonjezera nyumba yachiwiri yoti aiyatse. Komanso amayi awiri aja anadzera m'chimanga kubwera kwa inu chifukwa akudziwa kuti za odwala simuyenda nazo pakamwa. Musataye chimenecho. Kunama ndiye ayi. Wokufunsani za chipseracho muzimuyankha mosabisa nkhope kuti, "Ndinapereka magazi kuchipatala kwa munthu wodwala, ndipo ali moyo." Dzina lake si lanu kutchula.

Koma kukhala chete kwanu sikuti achemwali anu amasuka. Mbale ya nkhwani ya kuseri kwa nyumba si kupepesa. Bodza analinena pagulu, ndipo pagulu pomwepo ndi pomwe ayenera kulibweza. Safunika kutchula chipatala kapena magazi. Angonena kuti, "Mapaipi aja sindinawaone, ndinanena chifukwa cha mantha." Pitani kwa mwinimbumba wanu, mutengenso mkulu wa mpingo uja anakhala pakhomo la tchalitchi, chifukwa waonetsa kale kuti mtima ali nawo. Alamu anu akhalepo, iwo anaona zonse. Mukhale pansi m'nyumba kaye, muwauze achemwaliwo kuti chinsinsi cha Lily muchisunga zivute zitani, koma dzina lanu ndi la ana anu mukulifuna. Musachite ngati msika wosinthana. Mwina akana ulendo woyamba, munthu wamantha sachira tsiku limodzi. Musawakakamize kuima okha pabwalo, aime pakati pa akuluakuluwo. Muwakumbutsenso kuti Lily abwerere kuchipatala tsiku lomwe anamulembera, amalize mankhwala ndipo azigona m'neti, ndi kuti iwo eni ayambe sikelo ya amayi oyembekezera. Phewa lanulo nalo likaonedwe.

Kumenyedwa ndi mpini ndi mlandu. Pitani ndi a Goliati kupolisi mukalembetse zomwe zinachitika, ngakhale simukufuna kuti wina amangidwe. Amene anaopseza kuyatsa nyumba adziwe kuti nkhaniyi yafika kwina.

Pa za ntchito, a Goliati akupempha zambiri kwa munthu mmodzi. Tsiku lija munali nokha pansi pa mbawa, ndipo zisadzachitikenso. Muwauze kuti iwo ndi akuluakulu awo a kuchipatala aitanitse msonkhano wa mudzi wonse kudzera kwa amfumu ndi mipingo, masana, za kolera zikambidwe, ndipo madzi othira kolorini ayambe kumwa iwowo anthu akuona. Mudzi usankhenso komiti, ya anthu asanu kapena kuposa, amuna ndi akazi. Akakusankhaninso, muvomere muli pakati pa anzanu. Akapanda kutero, mwagwira zaka zinayi, palibe angakunyozeni. Kaundula, kolorini ndi thanzi zisadzagonenso m'nyumba mwanu, zizikhala kutchalitchi kapena kusukulu, kiyi ali ndi anthu awiri. Kolera sadikira msonkhano, choncho kuyambira lero wiritsani madzi a pakhomo panu, ndipo aliyense wobwera mozemba mumuuze achite chimodzimodzi, azisamba m'manja, ndipo wotsekula m'mimba athamangire naye kuchipatala akumumwetsa thanzi m'njira.

Amuna anu musawaone ngati mdani. Mawu awo ndi okhadzula, koma munthu wonena kuti safuna kutola mtembo wanu akunena kuti akukufunani wamoyo. Anapeza mkazi wawo atatsekeredwa m'tchalitchi, ali kumudzi kwa eni, opanda mbale woti awaimire. Auzeni zonse zomwe zinachitika kuchipatala ngati simunawauze, muwalonjeze kuti simubwerera mudzi usanakuitaneni, ndipo muwapemphe adzakhale pambali panu pamsonkhanowo. Zikakanika, itanani ankhoswe asanamange katundu.

Chenjezo langa ndi ili. Mukadzamvanso phokoso likubwera ndi njira ya kumjigo, musaime kuti mufotokoze. Gulu lokwiya silifunsa mafunso, ndipo mkulu wa mpingo sadzakhala pafupi masiku onse. Siyani chilichonse chili m'manja, tengani ana anu, thawirani kupolisi kapena kuchipatala. Mudzi ungathe kusankha munthu wina wokweza ana sikelo, koma Chance ndi abale ake alibe kosankha mayi wina.

Aphungu.